Nyimbo zidadumpha chingwe, eni ake adatsala kutsidya

Awa ndi mawu amene mmodzi mwa atolankhani athu adayankhula pa kucheza kwa anthu okonda nyimbo zakale. Tawasindikiza monga momwe adayankhulidwira.

 Ine sukulu ya ukachenjede ndidaisiyira panjira, choncho musayembekezere mawu a mapulofesa. Ndikamba monga mtolankhani.

Ku America kuli mtundu wa nyimbo wotchedwa beach music, kunena kuti nyimbo za kugombe. Mukamva dzinalo musathamangire kuganiza za The Beach Boys ndi anyamata a ku California osewera pa mafunde. Iyi ndi nkhani ya mbali ina ya dzikolo, chakum'mawa, m'zigawo za North Carolina ndi South Carolina m'mphepete mwa nyanja ya Atlantic. Kumeneko mukafunsa munthu wachikulire kuti beach music nchiyani, adzakutchulirani The Drifters, The Tams, The Platters, The Temptations, Barbara Lewis ndi Billy Stewart. Inu mudzati, kodi imeneyo si soul? Si rhythm and blues yomwe timaidziwa ija? Eya, ndi yomweyo. Nyimbozo zidajambulidwa ku New York, Detroit, Chicago ndi New Orleans, ndipo oimba ake adali anthu akuda amene sankaganizako za gombe la Carolina. Koma zitafika kumeneko zidapatsidwa dzina lina, gule wakewake wotchedwa shag, ndi eni atsopano amene ambiri mwa iwo ndi azungu. Ndikufuna tione mmene zidayendera, ndi kuti adapindula ndani, adaluza ndani.

Tiyambe ndi gombe lenilenilo. M'zaka za m'ma 1940 ndi 1950 kum'mwera kwa America kudali malamulo a tsankho otchedwa Jim Crow. Inu amene mudakhalako ku Salisbury kapena ku Johannesburg simuchita kufunsa kuti malamulo otere amaoneka bwanji. M'tauni ya Myrtle Beach ku South Carolina, kumene azungu ankapita kukapuma nthawi yotentha, munthu wakuda ankaloledwa kuphika, kuchapa, kuyala mabedi m'mahotela ndi kulera ana a bwana. Kusamba m'nyanja ndiye ayi. Anthu akuda adali ndi kagombe kawo chakumpoto, Atlantic Beach, pa malo amene munthu wakuda mnzawo George Tyson adagula mu 1934. Ankakatcha Black Pearl. Kamalo kake nkakang'ono zedi, timisewu towerengeka, ndipo malire ake ankaikidwa ndi mipanda komanso chingwe cholowa mpaka m'madzi, ngati kuti mafunde nawo amadziwa khungu. Ku North Carolina, kufupi ndi mzinda wa Wilmington, kudalinso kotere: Carolina Beach ya azungu, ndi Seabreeze ya anthu akuda pa malo a banja la a Freeman.

Tsono chisangalalo chenicheni chidali kutsidya kwa chingweko. Ku Seabreeze ndi ku Atlantic Beach kudali timabala tambirimbiri, ndipo kalikonse kadali ndi jukebox, imene anthu a ku Carolina ankaitcha piccolo. Ponyamo kandalama ka masenti 5, lekodi ilire. Anyamata achizungu ena, amene mitima yawo inkakonda dansi kuposa malamulo, ankazemba usiku kupita kumeneko kukaonera ndi kuphunzira. Wotchuka mwa iwo ndi Malcolm Hicks, amene aliyense ankangomutcha Chicken. Iyeyu amakumbukiridwa kuti chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940 adanyengerera anthu a makina aja kuti malekodi amene ankawamva ku Seabreeze awaikenso m'majukebox a ku Carolina Beach.

Apa mpofunika kumvetsa mmene bizinesi imeneyi inkayendera, chifukwa chinsinsi chagona pomwepa. Jukebox siinali ya mwini bala. Idali ya kampani, ndipo munthu wa kampaniyo ankazungulira ndi galimoto kutolera ndalama ndi kusintha malekodi. Munthu yemweyo ankalowa m'mabala a akuda ndi a azungu omwe, ndipo malekodi onse adali m'galimoto imodzi. Kuchotsa lekodi m'bokosi ili nkuiika m'makina awo idali ntchito ya mphindi imodzi. Makinawo ankawerenga okha kuti lekodi iliyonse yalira kangati, choncho imene ikubweretsa ndalama inkakhala, yosabweretsa inkachoka. Padalibe bungwe lokhala pansi kumvetsera kaye. Wayilesi idali ndi mabwana ake, sitolo ya malekodi idali ndi mwini wake woopa abusa ndi makasitomala, koma jukebox inkangomvera kandalama basi.

Ndipo nyimbozi zidali zoletsedwadi. Mpaka mu 1949 magazini ya Billboard inkazitcha nyimbo za race, kunena kuti za mtundu uja, ndipo mchaka chimenecho mpamene idasintha nkuyamba kulemba rhythm and blues, mawu amene adabwera ndi mtolankhani wake Jerry Wexler. Mawayilesi ambiri a azungu kum'mwera sankaziulutsa. Mu 1951 gulu la Billy Ward and His Dominoes lidatulutsa Sixty Minute Man, nyimbo ya mwamuna wodzitama za ukatswiri wake kuchipinda. Mawayilesi ambiri adaikana, koma idakhala pamwamba pa nyimbo za rhythm and blues masabata 14, ndipo mpaka lero okonda beach music amaiika m'gulu la nyimbo zotsogola. Ife a Malawi nkhani yoletsa nyimbo timaidziwa, si paja kuno ngakhale Cecilia ya Simon ndi Garfunkel idaonapo zakuda. Timadziwanso kuti nyimbo ukailetsa ndiye wailengezetsa.

Khomo lina lidali la usiku. Wayilesi ya WLAC ya ku Nashville, ya mphamvu zokwana mawati 50,000, inkamveka kutali kwambiri dzuwa likalowa, ndipo kuyambira cha m'ma 1946 aulutsi ake monga Gene Nobles, kenako John Richbourg, ankaika nyimbo za anthu akuda usiku. Richbourg, amene ankadzitcha John R., adali mzungu wa ku South Carolina komweko, ngakhale omvera ambiri ankayesa kuti ndi wakuda. Ukaikonda nyimbo unkatumiza ndalama ku sitolo ya Randy's Record Shop ku Gallatin, lekodi nkubwera pa positi. Amene munkasaka LM Radio pa wayilesi ya mabatire isadatsekedwe mu 1975 mukudziwa mmene mwana amakhalira khutu lili pa sipika makolo atagona.

Koma wayilesi ya usiku umamvera wekha. Kugombe nkomwe unkavina ndi anzako. Ana a sukulu ochokera m'matauni a kumtunda ankabwera tchuthi chotentha kudzagwira maganyu operekera zakudya ndi kulondera osambira, makolo ali kutali. Miyezi itatu ikatha ankabwerera kwawo ndi mayina a nyimbo zimene kwawoko sizinkapezeka. Ukawafunsa kuti nyimbo zanji zimenezo, yankho lidali lakuti, zija za kugombe. Dzina lidachokera pamenepo. Silinena za kumene nyimbo idabadwira kapena amene adaiimba, limangonena za kumene mwana wa mzungu adaimvera koyamba.

Gule wake, shag, ndi mdzukulu wa jitterbug ndi Lindy hop ya ku Harlem, koma wozizira. Amavina awiriawiri atagwirana dzanja limodzi, kuponda masitepe 8 pa kugunda 6 kwa ng'oma, pa nyimbo zoyenda pakati pa kugunda 100 ndi 130 pa mphindi. Kuyambira m'chiuno kupita kumutu munthu amakhala phee, ntchito yonse ili kumapazi, amene amatsetsereka ngati pansi pathiridwa mafuta. Nsapato zake ndi zachikopa kunsi, zopanda zingwe, ndipo anyamata ankavala popanda sokosi. Eni ake amanena moseka kuti wodziwa shag amavina botolo lili kudzanja linalo osataya ngakhale dontho. Kale amene ankaonetsa luso kwambiri adali mwamuna, mkazi nkumangosunga sitepe, ndipo pamenepo amayi muli ndi ufulu wodandaula. Aka sikadali koyamba kuti gule adumphe mpanda ku South Carolina. Cha m'ma 1936 ana a pa yunivesite ku Columbia ankakhala m'mwamba mwa kalabu ya anthu akuda yotchedwa Big Apple kuonera mavinidwe, ndipo pofika 1937 gule wa Big Apple adali atafika ku New York, ovina ake ali azungu.

Ena amakonda kuifotokoza nkhaniyi ngati nthano yokoma, yakuti achinyamata adagonjetsa tsankho ndi dansi. Amene amatero sanena za usiku wa pa 26 August 1950.

Ku Myrtle Beach, mu msewu wa Carver m'dera la anthu akuda, kudali kalabu yotchedwa Charlie's Place. Eni ake adali Charlie Fitzgerald ndi mkazi wake Sarah, ndipo adaitsegula mu 1937. Oimba akuluakulu monga Billie Holiday, Count Basie, Ray Charles ndi Little Richard adaimbapo pamenepo, nkugona m'zipinda za alendo za banjali poti m'mahotela a m'mphepete mwa nyanja sankaloledwa. Fitzgerald adali munthu wakuda wachuma, wosagwada, ndipo pakhomo pake ana a azungu ankalowa nkuvina pamodzi ndi akuda. Zinthu zitatu zimenezi gulu la Ku Klux Klan silikadazipirira. Loweruka limenelo mdipiti wa magalimoto a Klan udadutsa m'deralo kuopseza anthu. Usiku womwewo adabweranso. Adamugwira Fitzgerald nkumutsekera m'buti ya galimoto, adawombera kalabuyo zipolopolo mazanamazana, ndipo iyeyo adakamumenya, kumucheka makutu ndi mpeni, nkumutaya m'mbali mwa msewu. Adapulumuka. Munthu mmodzi ndiye adafa usikuwo, wa Klan, atalasidwa ndi chipolopolo. Atamuvula mkanjo wake woyera adapeza kuti mkati wavala yunifolomu ya polisi. Adali James Daniel Johnston, wapolisi wa m'tauni yoyandikana ya Conway.

Palibe amene adapezeka wolakwa pa chiwembu chimenechi. Mtsogoleri wa Klan m'deralo, Thomas Hamilton, adadzalowa m'ndende mu 1952 pa milandu ina yokwapula anthu kutsidya kwa malire, ku North Carolina. Pano mundilole ndipatuke pang'ono, poti ndine wa nyuzipepala. Amene adalimbana ndi Hamilton mosalekeza adali Horace Carter, mkonzi wa kanyuzi kotuluka kamodzi pa sabata m'katauni ka Tabor City, ndi Willard Cole wa nyuzipepala ya ku Whiteville. Carter adaopsezedwa, amalonda ena adasiya kulengeza malonda m'nyuzi yake, koma sadasiye kulemba. Mu 1953 nyuzi ziwirizi zidalandira mphotho ya Pulitzer. Fitzgerald adamwalira mu 1955, ndipo Sarah adapitiriza kuyendetsa malowo zaka zina 10.

Onani tsono mmene chingwe chija chinkagwirira ntchito. Mwana wa mzungu ankatha kupita kwa Charlie, kuvina, kuphunzira sitepe, nkubwerera kwawo. Mwana wa munthu wakuda sakadayerekeza kuponda pa bwalo la dansi la azungu ku Ocean Drive, ngakhale mawu otuluka mu jukebox ya pamenepo adali a mchimwene wake. Ndikati mchimwene sindikukokomeza. Clyde McPhatter, amene adaimba ndi Dominoes asadayambitse The Drifters mu 1953, adabadwira ku Durham. Ben E. King adabadwira ku Henderson. Matauni onsewa ndi a ku North Carolina. Maurice Williams, mwini wa nyimbo ya Stay ya mu 1960, adali wa ku Lancaster ku South Carolina. Lekodi inkawoloka, munthu ayi. Mu 1963 khoti litalamula kuti mapaki a boma la South Carolina atsegulidwe kwa onse, kuphatikizapo ya ku Myrtle Beach, boma lidasankha kungowatseka onse, ndipo adadzatsegulidwa bwinobwino kwa aliyense mu 1966. The Drifters adatulutsa Under the Boardwalk, nyimbo ya chikondi cha pagombe, mu 1964, mkanganowo uli mkati.

Za zaka zotsatira ndidutsa mwachangu. Mphepo ya mkuntho ya Hazel idasesa gombe lonselo mu October 1954, ndipo chaka chotsatira ku Ocean Drive kudatsegulidwa The Pad, kabala kosaoneka bwino kamene kadasanduka likulu la shag kwa zaka zambiri. M'zaka za m'ma 1960 magulu a ana a m'makoleji a azungu ankaitana oimba akuda ku mapwando awo, kampani ya Atlantic idatulutsa chimbale cha Beach Beat mu 1967, ndipo magulu a azungu a konko monga The Embers ndi The Catalinas adayamba kuimba motsanzira. Kenako kudabwera rock, nkhondo ya ku Vietnam ndi disco, shag nkuzilala. Idadzuka mu 1980 pamene Gene Laughter, amene adagwirapo ntchito yolondera osambira ali mnyamata, adaitana anzake akale kuti akumane ku Ocean Drive. Kudabwera anthu zikwi. Bungwe limene lidabadwa pamenepo, Society of Stranders, limasonkhanabe chaka ndi chaka mu April ndi mu September. Mu 1984 South Carolina idakhazikitsa shag kukhala gule wa boma, mu 2001 idachitanso chimodzimodzi ndi beach music, ndipo North Carolina idalemekeza shag mu 2005. Nyimbo zimene mawayilesi ankazikana zidalowa m'buku la malamulo.

Ndisakhale wokondera. Pali chabwino chimene chidatuluka m'menemu, ndipo si chaching'ono. Msika wa nyimbo ku America ulibe chisoni, woimba wa dzana amaiwalika lero. Ku Carolina sankaiwalika. Tengani General Johnson wa ku Norfolk, Virginia. Adaimba It Will Stand ndi gulu la The Showmen mu 1961, adatchuka ndi Chairmen of the Board ku Detroit mu 1970 ndi Give Me Just a Little More Time, ndipo ndi mmodzi mwa amene adapeka Patches, imene ambiri muno mumaidziwa m'mawu a Clarence Carter. Zinthu zitavuta ku makampani akuluakulu, Johnson adatembenukira ku Carolina, adakhala mmodzi mwa eni kampani ya malekodi ya Surfside ku Charlotte, adatulutsa Carolina Girls mu 1980, ndipo adaimbira anthu odzadza m'maholo mpaka imfa yake mu 2010. Ameneyu palibe adamudyera masuku pamutu. Adaona msika, adaulowa ali mwini. The Tams a ku Atlanta nawo adadya za gombeli zaka makumi ambiri.

A Tams omwewa ali ndi kankhani kamene inu a ku Britain kakusangalatsani. Nyimbo yawo ya mu 1964, Hey Girl Don't Bother Me, idadzafika pa nambala 1 ku Britain mu 1971, chifukwa kumpoto kwa England nakonso achinyamata adali atayamba kufukula malekodi akale a soul, chimene amachitcha Northern soul. Kusiyana kwake nkwakuti a ku England ankafuna nyimbo zothamanga, a ku Carolina zoyenda mwaulemu. Tsono mu 1987 a Tams adatulutsa nyimbo yotamanda gule wa shag, dzina la guleyo lili pa mutu pomwe. A BBC adaikana, poti mawu amenewo ku Britain amatanthauza zina zimene sindingazitchule pamaso pa makolo anga.

Komabe pali zinthu ziwiri zimene zimandivuta. Choyamba ndi kasankhidwe ka nyimbo. Beach music idatola soul yokoma, ya chikondi, ya anyamata ovala masuti ofanana, nkuima pamenepo. Soul yeniyeniyo sidaime. Idapitirira, idakwiya, idayamba kufunsa mafunso. James Brown adabadwira ku Barnwell ku South Carolina komweko, koma nyimbo yake ya mu 1968 yonena za kunyadira khungu lakuda si imene mungaiyembekezere pa madansi a shag. Wina adzati vuto ndi ng'oma, funk siyendera sitepe ya shag, ndipo akunena zoona. Koma ine ndimaona kuti nzosavuta kukonda mawu a munthu pamene akukuimbira za chikondi kusiyana ndi pamene wayamba kukuuza zimene wamulakwira. Achinyamata akuda nawo sadaone chifukwa chokakamira nyimbo za nthawi imene makolo awo ankalowera khomo la kuseri. Adapita ku funk, kenako hip hop. Nchifukwa chake mukaona zithunzi za misonkhano ya shag lero, kawirikawiri munthu wakuda amene mumuonepo ndi amene wagwira maikolofoni.

Chachiwiri ndi chimene chidachitikira malo aja kumene zonsezi zidachokera. Lamulo la ufulu wa anthu la mu 1964 litatsegula mahotela ndi magombe, anthu akuda adayamba kupita kumene ankakanizidwa, ndipo ndani angawadzudzule? Koma azungu sadabwere kudzagona ku Atlantic Beach. Ndalama zidayenda njira imodzi, monga momwe nyimbo zidayendera. Mahotela ndi makalabu a anthu akuda adatsekedwa imodzi imodzi. Seabreeze, imene Hazel adali ataipweteka kale, sidadzukenso. Mu 1968 matauni anayi oyandikana, Ocean Drive ili momwemo, adaphatikizana kupanga mzinda wa North Myrtle Beach. Atlantic Beach, imene idali italandira ulamuliro wakewake mu 1966, idakhala payokha, eni ake posafuna kuti malo awo amezedwe. Lero North Myrtle Beach yaizungulira mbali zitatu ndi nyumba zosanja, mbali yachinayi ndi nyanja, ndipo okhalamo ndi mazana ochepa chabe. Chaka chomwe chija cha 1980, pamene akale a shag ankakumana ku Ocean Drive, ku Atlantic Beach kudayamba msonkhano wina wapachaka, wa anthu akuda okwera njinga zamoto. Mtunda wa pakati pa malo awiriwa ndi makilomita owerengeka.

Kalabu ya Charlie idagwetsedwa kalekale. Chidatsala ndi nyumba imene banjali linkakhalamo ndi zipinda zingapo za alendo, ndipo nazonso zidatsala pang'ono kugwetsedwa. Anthu a m'deralo adakana, khonsolo ya Myrtle Beach idagula malowo nkuwakonza, ndipo tsopano munthu angathe kupita mu msewu wa Carver kukaona zipinda zimene oimba aja ankagonamo akatha kuimba.